Kwa Adzukulu Anga a ku Northrise: Maso Aone, Manja Agwire

Adzukulu anga a kuno ku Northrise, ndi inu a ku Kansenshi, Chifubu, Lubuto mpaka ku Kitwe amene makolo anu anachokera kummawa, khalani pansi pang'ono ndikulankhuleni. Makolo anu amabwera kwa ine ndi madandaulo. Wina akuti mwana wanga tsiku lonse maso ali pa foni, akuonera mafilimu. Wina akuti wanga sangadye chakudya asanachijambule. Winanso akuti wanga wadzaza chipinda ndi mikanda, ulusi ndi tizidutswa ta chitenje, mabuku a sukulu mpaka kusowa pokhala. Amafuna kuti ine monga wamkulu ndikudzudzuleni kuti musiye zachibwanazo.

Ine sindikuuzani kuti musiye. Mwana wokonda kanema, zithunzi, ntchito zamanja ndi chakudya chokoma ndi mwana wamoyo, ndipo sindimuopera ngati mmene ndimaopera uja amene palibe chomusangalatsa. Nkhawa yanga ili pena. Ndikuopa kuti mungakule muli oonerera chabe, odziwa kusirira zopanga ena koma manja anu osatha kupanga kanthu, odziwa misewu ya ku Seoul ndi ku Lagos ya m'mafilimu koma osadziwa kuti mumsewu wa Makoli muno mu Ndola muli malo a mtengo umene pansi pake ankagulitsirapo akapolo. Ndiye ndimvereni mofatsa, mawu a akulu amakoma akagonera.

Ndiyambe ndi kanema, poti ndiye akukudyerani nthawi yambiri. Musaganize kuti chilakolako chimenechi chayamba ndi inu. Kuno ku Migodi kanema anafika kalekale, makampani atayamba kuonetsa mafilimu m'makomboni a antchito awo. Ife tinkati bayisikopo. Ankaonetsera panja usiku, anthu mazanamazana atakhala pansi, ana kutsogolo m'fumbi. Ambiri anali mafilimu a akauboyi a ku America, ndipo boma la atsamunda linkayamba lawaduladula, kuchotsamo chilichonse chimene linkati munthu wakuda sayenera kuona, mpaka nkhani yake osamveka mutu. Chingerezi chakenso chinali cha m'mphuno, ambiri osachimva. Koma anthu sankakhala chete ayi. Ankakuwa, kuchenjeza ngwazi kuti mdani ali kumbuyo, kumasulirana, kutsutsana. Ngwazi iliyonse yokwera hatchi tinkaitcha Jeke, ndipo kukacha anyamata onse a ku Wusakile anali a Jeke, mfuti zosema okha zili m'chiuno. Mayi wina wa ku America, Hortense Powdermaker, anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954 kufufuza moyo wa pamgodi, ndipo m'buku lake lotchedwa Copper Town analembamo mmene anthu athu ankaonerera mafilimu amenewa.

Mafilimuwo ambiri anali achabechabe, koma tinkaonera pamodzi, ndipo tikachoka pamenepo nkhani inkapitirira panjira mpaka kunyumba. Wamkulu ankatha kuuza mwana kuti zija waona zija n'zabodza, munthu sawomberedwa n'kudzukanso. Wailesi ya kanema itayamba ku Kitwe mu 1961 inali ya m'nyumba zowerengeka, ndipo ngakhale patapita zaka zambiri, nyumba imodzi yokhala ndi TV inkadzaza ana a mzere wonse. Lero aliyense ali ndi kanema wake m'thumba. Mumaonera nokhanokha mutafunda bulangete, zomvera zili m'makutu, mpaka tambala woyamba kulira. Palibe wokufunsani chimene mwaona, palibenso wokuuzani kuti ichi n'chabodza. Kuonera kobisala kumeneku ndiko kumandisowetsa tulo.

Filimu iliyonse ili ndi mwini wake, ndipo mwiniyo pali chimene akufuna kwa inu. Wina akufuna ndalama zanu za bandulo, wina akufuna muzisirira moyo umene iye akutsatsa. Mtsikana wa m'filimu amadzuka m'mawa nkhope ili yodzoladzola kale, satsuka mbale, sakwera minibasi, ndipo sakuonetsani amene amalipira nyumba yokongolayo. Mnyamata wake amamenya anthu khumi apolisi osamugwira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mukamaonera muzidzifunsa kuti wapanga ndani, wabisa chiyani, ndipo akufuna ndichoke pano ndikulakalaka chiyani. Za mafilimu olaula ndinena mosapsatira mawu. Amaphunzitsa mnyamata kuona mkazi ngati chiwiya, amaphunzitsa mtsikana kuti kuzunzidwa ndiye kukondedwa, ndipo wozolowera amavutika kusiya. Ngati mwakodwa kale, uzani wamkulu amene mumamukhulupirira. Adzakukalipirani mwina, koma adzakuthandizani.

Pakati pa za ku Korea, ku India ndi ku Nigeria, siyaniko malo a zakwathu. Rungano Nyoni anabadwira ku Lusaka n'kukulira ku Wales, koma atafuna kupanga filimu yake yoyamba yaitali anabwerera kuno. I Am Not a Witch, ya 2017, imakamba za kamtsikana konamiziridwa ufiti, ndipo amene anasewera mbali imeneyo, Maggie Mulubwa, anali asanasewerepo filimu chibadwire. Filimuyo inapata mphoto ya BAFTA mu 2018. Yachiwiri, On Becoming a Guinea Fowl, ya 2024, imaonetsa maliro a pabanja pamene akuluakulu akuyesetsa kukwirira zoipa zimene malemu ankachitira ana aakazi. Imeneyi ndi ya inu okulirapo, ndipo ndingakonde muionere pamodzi ndi amayi anu ndi azakhali anu, kenako mukambirane, pakuti nkhani zotere zilipo m'mabanja ambiri ndipo zimakula chifukwa chokhala chete. Onerani The Boy Who Harnessed the Wind, ya 2019, mumve Chichewa chathu chikulankhulidwa m'filimu yoonedwa dziko lonse, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu amene anapanga makina a mphepo ndi zitsulo zotola. Funani mafilimu a Shemu Joyah wa ku Malawi, munthu woyeza malo pantchito yake, amene anapanga Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat. Ndipo inu a ku Kitwe, kodi mukudziwa kuti gulu loimba la WITCH linachokera kwanu komweko, ndipo mu 2019 kunatuluka filimu yofotokoza za iwo? Anthu akunja anabwera kudzajambula nkhani imene inali pakhomo panu.

Foni imene mukuonerapoyo imathanso kujambula. Yambani ndi kankhani kakafupi, ka mphindi zitatu, ndipo mukalembe papepala musanayatse kamera. Samalani mawu koposa chithunzi, chifukwa munthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino koma sapirira mawu osamveka. Jambulani kutali ndi msewu, kutali ndi jenereta. Pezani anzanu, wina alembe, wina asewere, wina agwire foni, poti mutu umodzi susenza denga. Amene mumakonda kusewera, funsani za magulu a zisudzo a ku Lowenthal Theatre muno mu Ndola kapena ku Kitwe Little Theatre, ngakhale a kutchalitchi kwanu. Amene mwawaonapo m'masewero a pa TV a Mpali ndi Zuba sanagwe kumwamba, ndi ana a anthu ngati inu.

Tsopano za zithunzi. M'masiku athu chithunzi chinali chokonzekera. Munthu ankasita malaya ndi nsimbi ya makala, kubwereka tayi kwa mnzake, n'kupita ku situdiyo m'tauni kukaima kutsogolo kwa nsalu yojambulidwa maluwa. Kapena ankadikira wojambula woyenda pa njinga, amene filimu yake inkatenga zithunzi 24 kapena 36, ndipo sankakatsukitsa mpaka itadzaza. Unkadikira milungu n'kulandira chithunzi chimodzi. Chimenecho chinkatumizidwa kumudzi, ku Katete, ku Chadiza kapena ku Petauke, kuti makolo aone kuti mwana wawo ku Migodi ali moyo ndipo akuvala. Mukapita m'midzi ya kummawa lero mukazipeza zithunzi zoterezi pakhoma, zitafiira, m'makona mutadyeka, koma zilipo.

Inu mumajambula mazana pa sabata. Nanga za zaka zisanu zapitazo zili kuti? Zinapita ndi foni imene inabedwa pa siteshoni, kapena imene inagwera m'ndowa. Chaka chilichonse sankhani zithunzi zochepa zabwino, mukazitsukitse papepala, ndipo kumbuyo kwake mulembe mayina a anthuwo, malo ndi chaka. Musanyozere zolembazo. Ku Lusaka mtsikana wina, Sana Ginwalla, anapeza mulu wa zithunzi zakale zimene eni ake sanabwere kudzatenga ku Fine Art Studios, n'kuyambitsa ntchito yotchedwa Zambia Belonging yozisunga ndi kufunafuna eni ake. Nkhope zokongola, zovala zapamwamba, koma zambiri zopanda dzina. Aliyense wa anthu amenewo anali ndi amake, ndipo lero akufunsidwa kuti kodi uyu ndani.

Mujambule chiyani? Nkhope zanu tazionapo, n'zokongola, koma tembenuzani foniyo iyang'ane kunja. Jambulani amayi a ku msika wa Masala akuyala tomato m'mawa, ana akuchokera kusukulu mvula ikugwa, agogo anu akupeta, khamu la anthu likulowa pa Trade Fair mwezi wa Julayi, ochemerera timu ya ZESCO United pa bwalo la Levy Mwanawasa. Mukuti zimenezi n'zamasiku onse, ndani angazifune? Malick Sidibé wa ku Bamako ankangojambula achinyamata anzake akuvina m'zaka za m'ma 1960, ndipo mu 2007 analandira mphoto yaikulu ya Golden Lion ku Venice chifukwa cha zithunzi zomwezo. Tauni imasintha munthu uli maso. Bwalo la mpira la Dag Hammarskjöld linali muno mu Ndola, analigwetsa m'zaka za m'ma 1980, ndipo ana a lero sadziwa kuti linkaoneka bwanji. Mafakitale amene ankadzaza misewu ndi antchito m'mawa, monga ya matayala ya Dunlop, anatsekedwa. Ndege zinasamukira ku bwalo latsopano mu 2021. Amene anajambula zinthu zimenezi zikadalipo ali ndi chuma chimene ndalama singachipangenso.

Luso lake si lovuta kuyamba. Pukutani diso la kamera musanajambule, poti foni imakhala m'thumba ndi m'manja mwa mafuta. Kuwala kwa m'mawa ndi kwa madzulo kumakometsa khungu lathu, pamene dzuwa la masana, makamaka la Okutobala, limaika mithunzi m'maso. Munthu asaime dzuwa lili kumbuyo kwake, pokhapokha mukufuna aoneke mdima. Yandikirani ndi miyendo yanu m'malo mokoka chithunzi ndi zala. Ndipo dikirani. Wojambula wabwino amaima pamalo amodzi mpaka anthu atamuiwala, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma apa pali mawu olemera, ndipo ndikufuna mutchere khutu. Nkhope ya munthu ndi yake. Pemphani musanajambule, akakana muthokoze n'kupita. Pamsewu wa Ndola ndi Kitwe pakachitika ngozi, ndimaona achinyamata akuthamangira ndi mafoni m'mwamba, munthu ali gone akutuluka magazi. Mayi wina amadziwa za imfa ya mwana wake poona mtembo pa Facebook kapena pa WhatsApp, achibale asanafike kudzamuuza mwamwambo. Imeneyo ndi nkhanza, ndipo pepani sapoletsa chilonda. Manja amene agwira foniwo akanatha kunyamula wovulala. Mukapita kukaona wodwala ku chipatala cha ana cha Arthur Davison, musajambule ana a eni ake. Mukapatsa wosauka chovala, musamuimike kuti dziko lione ubwino wanu. Mukapita ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika mwezi wa Ogasiti, funsani akuluakulu pamene pali pololedwa kujambula Gule Wamkulu, ndipo za kudambwe musaziyandikire n'komwe. Inu atsikana, ndi anyamata omwe, chithunzi cha thupi lanu losavala musatumizire munthu aliyense, ngakhale atalumbira kuti adzakukwatirani. Chibwenzi chimatha, foni imapita kwa wokonza, ndipo chithunzi chikatuluka palibe amene angachibweze. Wolandira chithunzi chotere n'kuchifalitsa akulakwira mnzake ndiponso akulakwira lamulo. Chinanso, lekani kudziyeretsa khungu ndi zosefera za m'foni. Mdzukulu wanu adzafuna kuona mmene agogo ake ankaonekera, ndipo muyenera kumusiyira nkhope yanu yeniyeni.

Za ntchito zamanja ndili ndi chisoni chimodzi chachikulu. Tikukhala pamwamba pa mkuwa. Azungu asanabwere, anthu a dziko lino ankakumba ndi kusungunula mkuwa okha ku Kansanshi ndi kuno ku Bwana Mkubwa, n'kuumba mitanda ya mkuwa imene inkayenda ngati ndalama. Ina anaifukula ku Ingombe Ilede, kufupi ndi mtsinje wa Zambezi. Lero mkuwa wathu wambiri umatuluka pa malole kupita ku madoko a Dar es Salaam, Durban ndi Walvis Bay, n'kubwerera uli m'kati mwa foni ndi firiji zimene timagula modula. Choncho ndikaona mtsikana akupinda waya wa mkuwa kupanga ndolo, kapena mnyamata akuwotcherera mbaula ndi mafelemu a mawindo, mtima wanga umakhala pansi. Pitani ku Copperbelt Museum mumsewu wa Buteko mukaone miyala ya m'nthaka yathu ndi zopanga za makolo. Pitani ku msika wa Chisokone ku Kitwe, kumene amagulitsa ziboliboli, madengu ndi zamkuwa, ndipo musangofunsa mtengo. Funsani kuti wapanga ndani, ndipo ngati angalole kuti muzikhala pambali pake Loweruka. Chenjezo langa ndi lakuti waya wosadziwika kochokera musagule. Wina ndi wodula pa mizere ya magetsi, ndipo wogula amalowa m'ndende limodzi ndi wakuba.

Intaneti ingakuonetseni kuluka ndi kusoka, ndipo palibe cholakwika kuphunzirako. Koma siingagwire nsalu yanu n'kukuuzani kuti apa mwakoka kwambiri, masulani muyambirenso. Zimenezo amanena ndi telala wa pakhonde la sitolo, kalipentala wa ku Twapia, agogo oluka mphasa. Nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi. Mukapita kwa mmisiri mupite modzichepetsa, ngakhale inu muli ndi satifiketi ya giredi 12 iye alibe. Musesereni pogwirira ntchito, mugwirireni thabwa, ndipo mudzaona zimene sanganene ndi pakamwa. Ntchito yabwino imadziwika kumbuyo kwake. Wogula wanzeru amatembenuza chikwama kuona msoko wa m'kati, ndiye malizani bwino ngakhale posaoneka. Poika mtengo werengerani nsalu, ulusi, ulendo wa kumsika ndi nthawi yanu. Achibale adzafuna zaulere. Mphatso muzipereka mwa kufuna kwanu, koma malonda akhale malonda, apo ayi mpamba udzatha mwezi usanathe. Amene mwaona kuti manja anu ndi a zitsulo ndi makina, koleji ya NORTEC ili pafupi pomwepa, ndipo kupita kumeneko si kulephera. Magetsi akavuta m'nyumba, ngakhale loya amaima pakhomo kudikira mmisiri.

Ndafika pa chakudya, ndipo pano ndikhalitsa pang'ono chifukwa ndi pamene ndikuona kuti tikutaya zambiri. Nyumba zambiri za kuno ku Northrise zili ndi mpanda, geti ndi mayi wantchito amene mumamutcha anti. Iye ndiye amaphika, inu mumangomva kuti chakudya chapsa. Mumadziwa pogula pitsa ndi shawarma ku Kafubu Mall kapena ku Mukuba Mall, mumatha kuphika keke yoonera pa foni, koma nsima ya anthu asanu ikukukanikani. Ana anga, mayi ameneyo ndi mphunzitsi amene ali m'nyumba mwanu momwe. Mulemekezeni, lowani m'khichini, mupempheni akuonetseni. Phala liyambe labwadamuka mokwanira musanawonjezere ufa, apo ayi nsima imanunkha uwisi. Kuvundula kumafuna mkono, kuomola ndi chipande kumafuna madzi pambali. Ndipo ndikunena kwa anyamata omwe. Agogo anu aamuna amene anabwera ku Nkana ndi ku Roan ali mbeta ankadziphikira okha akaweruka mumgodi, ndipo palibe anawachotsera ulemu. Mnyamata wopita ku Copperbelt University kapena ku Northrise University osadziwa kuphika nyemba amathera ndalama zonse pa chipisi, mwezi usanafike pakati ali ndi njala ndi ngongole.

Phunzirani ndiwo zakwathu eni ake akadalipo. Nkhwani wotendera, amene anzathu a Chibemba amamuika m'gulu la ifisashi, amafuna nsinjiro zosefa bwino ndi moto wofatsa, ndipo mtedza wake muyambe mwausankha, wachuku mutaye chifukwa chukucho chimawononga chiwindi. Chigwada chimafuna kusinja ndi kuphika nthawi yaitali. Therere la agogo anu silinkadikira soda wa m'sitolo. Ankawotcha zitsononkho, phulusa lake n'kuliika m'chiwiya chobooka pansi, kuthira madzi, ndipo madzi odonthawo ndiwo chidulo. Nthawi ya dzinja ndiwo zikachuluka ankafutsa, kuyanika, n'kumanga mfutso m'chikwatu cha masamba a msuku, kuti m'chilimwe banja lisagone ndi nsima yopanda ndiwo. Ndani mwa inu angamange chikwatu lero? Kuno ku Migodi tinaphunziranso zambiri kwa anzathu: chikanda, munkoyo, kapenta wa ku Mpulungu, ifinkubala. Iwo amatiseka za mbewa, ife timawabwezera za anyani, ndipo chimbuya chimenecho chatisunga pamodzi m'maliro ndi m'maukwati zaka zonsezi. Musachite manyazi ndi chakudya cha kwanu pamaso pa anzanu a kusukulu, ndipo cha mtundu wina musachinyoze musanalawe.

Mudziwenso kochokera chimene mukudya. Chikanda amapangira timizu ta maluwa a kutchire, ndipo chifukwa chokumba mosaleka tayamba kusowa, moti tina timachokera ku Tanzania. Bowa wa tente amene amadzaza m'mbali mwa msewu wa ku Kapiri Mposhi mvula ikagwa amamera m'nkhalango zomwezi zimene zikutha ndi makala. Bowa mugule kwa odziwa, musazule nokha poyerekeza ndi chithunzi cha pa foni, chifukwa wina amapha banja lonse usiku umodzi. Safunsa anadya phula. Michopo ya pamsewu ndi yokoma, koma yang'anani madzi amene wogulitsa akusambira m'manja. Kolera wa 2024 anachititsa kuti sukulu za dziko lonse zitsegulidwe mochedwa, mpaka mwezi wa Febuluwale, ndipo mabanja ambiri anaika maliro. Ufa wa rola umene mumaunyoza kuti ndi wakuda uli ndi chakudya chambiri kuposa woyera, ndipo thobwa ndi munkoyo wosathira shuga wambiri n'zabwino kuposa zakumwa za m'mabotolo. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, amene kale tinkati ndi a okalamba, tsopano akugwira anthu a zaka makumi atatu.

Chakudya musamachiseweretse. Mu Disembala 1986 mtengo wa ufa utakwera mwadzidzidzi, matauni a kuno ku Migodi anayaka, masitolo anaswedwa, anthu anafa, mpaka boma la a Kaunda linabweza mtengowo. Ife amene tinaima pamizere ya ufa kuyambira mbandakucha sititha kuona nsima ikutayidwa m'bini mtima osapweteka. Inunso mwaonako pang'ono mu 2024, pamene chilala chinalengezedwa kuti ndi tsoka la dziko, madzi ku Kariba anachepa, magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse. Amene ankadziwa kukoleza mbaula anadya, amene ankangodziwa kudina batani anadikira. Phikani zokwanira, mkute musunge, ndipo ngati kuseri kwa nyumba kuli malo, limani bedi limodzi la repu ndi bonongwe. Mayadi a kuno ndi aakulu, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona onse atawaka simenti.

Kujambula mbale yanu musanadye sindikuletsa, makamaka ngati mwaphika nokha. Koma mukatha, foni ikhale pansi. Wamkulu ayambe kusamba m'manja, mlendo apatsidwe nthuli yabwino, mlonda wa pageti asaiwalidwe. Pa mphasa yodyera ndi pamene mwana amamva mbiri ya banja lake, kuti agogo anachoka mudzi uti, anafika bwanji kuno, mfunda wathu ndi uti. Aliyense akatenga mbale yake kupita nayo kuchipinda, nkhani zimenezo zimafa ndi eni ake.

Mwina mukuti zonse zinayi ndimazikonda, nditani? Zikondeni zonse, koma chimodzi muchigwire ndi manja awiri mpaka muchidziwe bwino, poti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Sukulu musaisiye chifukwa anthu zana akuyamikirani pa intaneti. Wojambula amafunika kudziwa kulemba kalata ya mgwirizano, wophika amafunika masamu, wopanga filimu amafunika kuwerenga mabuku ambiri. Mukayamba kupeza kangachepe, uzani makolo anu, muwaonetse ndalama yoyamba ndi kochokera kwake. Inunso makolo amene mukuwerenga nawo, mwana akakuonetsani chimene wapanga, muyang'ane ndi maso onse musanafunse za mayeso.

Tchuthi chikubwerachi, aliyense wa inu apite kwa munthu wamkulu kwambiri m'banja mwake, kaya ali ku Kabushi, ku Chamboli kapena kumudzi kwenikweni. Mukampemphe akuphunzitseni ndiwo imodzi kapena luso limodzi, mukamujambule akuchita zimenezo atavomera, mukalembe dzina lake lonse, mudzi wake ndi mfumu yake. Musanene kuti ndidzapita chaka chamawa, ife a msinkhu uwu tikuchepa mwezi ndi mwezi. Ndipo amene mukufuna kuona mmene chidulo amachipangira, bwerani kwathu Loweruka masana, mutenge zitsononkho zouma ndi kope lolembamo.